Uthenga Wofika ndi Uthenga Womveka: Za Katemera wa mRNA Wolimbana ndi Khansa ndi Mabakiteriya

Mawu oyamba

Patchuthi cha Khirisimasi ndidapita kwathu ku Benga, m'boma la Nkhotakota, ndipo ndidapeza azakhali anga atagona pamphasa pakhonde dzuwa lili paliwombo. Sichidali chizolowezi chawo. Azakhaliwa ndi amene adandilipirira fizi ya Fomu 1 ndi ndalama za usipa, umene ankagula kwa asodzi mbandakucha, kuuyanika pathandala ndi kukaugulitsa ku Lilongwe. Adali atangobwera kuchokera kuchipatala chachikulu kumene adawauza kuti ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndiponso kuti matendawo adali atafika kale patali.

Madzulo amayi adandiitanira kukhitchini kumene ankaphika nsima ya kondowole. Adayankhula motsitsa mawu.

"Mwanawe, pawailesi anena kuti kunja apeza katemera wa khansa, wofanana ndi uja wa kolona. Iwe uli kusukulu yaukachenjede. Tiuze, alamu angawa tingakawabayitse kuti?"

Ndidasowa choyankha. Ine ndimaphunzira za zinenero ndi zolembalemba, osati zaudokotala. Komabe poti safunsa adadya phula, nditabwerera kusukulu ndidawerenga ndi kufunsa anzanga ophunzira zachipatala. M'nkhani ino ndifotokoza chimene katemera wa mRNA ali, chifukwa chimene amavutikira kugonjetsa khansa ndi mabakiteriya, njira zimene akatswiri akuyesa kuti thupi lizimulabadira mokwanira, ndiponso mmene zonsezi zikutikhudzira ife a m'mbali mwa nyanja.

Mawu akuti katemera

Mawu akuti katemera adachokera ku mneni kutema. Makolo athu ankatema mphini ndi kupakamo mankhwala, ndipo nthawi zambiri ankatero pofuna kutsirika munthu zoipa zisanamugwere. Ganizo limeneli ndi limene tili nalo mpaka lero: katemera ndi wa munthu amene sanadwale. Mayi aliyense wa ku Benga amadziwa za BCG amene khanda limabayidwa likangobadwa, komanso akatemera ena a kusikelo. Katemera wa HPV, amene boma lidayamba kupereka m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9, nayenso ndi woteteza. Amaletsa kachilombo kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, koma sachiza khansa imene yayamba kale.

Katemera wa khansa amene amayi adamva pawailesi ndi wosiyana. Iye amaperekedwa kwa munthu wodwala kale, ndi cholinga chophunzitsa asilikali a m'thupi kuzindikira chotupa ndi kuchiwononga. Choncho mawu amodzi akusenza matanthauzo awiri, ndipo womva akhoza kusokonezeka.

Kodi mRNA n'chiyani?

Thupi la munthu lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli DNA, imene tingaifanizire ndi buku lalikulu la malangizo losatuluka m'chipinda chake. Selo likafuna kupanga puloteni ina yake, limakopera tsamba limodzi lokha la bukulo n'kulitumiza kumalo opangira mapuloteni. Kalata imeneyi ndiyo mRNA, ndipo chilembo cha m chikuimira mawu a Chingerezi otanthauza mthenga. Kalatayi imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, U, G ndi C, zimene zimawerengedwa zitatuzitatu. Ikagwira ntchito yake imaphwanyidwa pasanapite masiku ambiri. Siilowa m'chipinda cha DNA, kotero kuti siisintha chibadwa cha munthu monga mmene mphekesera zinkanenera pa nthawi ya kolona.

Katemera wa mRNA ndi kalata yotereyi yolembedwa m'labotale. Amaikulunga m'timipira ta mafuta tosaoneka ndi maso kuti isawonongeke panjira. Maselo athu akailandira amapanga kachidutswa ka mdani, monga minga ya pakhungu la kachilombo ka kolona. Maselo ena ogwira ntchito ya ulonda amatola kachidutswako n'kupita nako m'malo aja mumatuluka mwanabere, monga m'khwapa, kukaonetsa asilikali. Asilikaliwa ali m'magulu. Ena amapanga maantibodi, amene amagwira mdani akadali kunja kwa maselo. Ena ndi maselo a T. Mwa amenewa muli a CD4, amene Amalawi ambiri timawadziwa chifukwa cha nkhani za HIV, ndipo ntchito yawo ndi kutsogolera nkhondo. Mulinso a CD8, amene amapha selo la thupi lomwelo likakhala kuti labisa mdani kapena lasanduka khansa. Katemera wa Pfizer, amene adafika kuno pambuyo pa wa AstraZeneca wa mu Malichi 2021, ndi wa mtundu umenewu wa mRNA.

Kufika si kumveka

Kwathu mfumu ikafuna kulengeza za msonkhano imatuma mnyamata kuti akuwe madzulo m'mudzi. Pa nyengo ya mwera mawu ake amapita ndi mphepo, ndipo anthu amapitiriza kusoka maukonde awo ngati palibe chanenedwa. N'chifukwa chake mnyamatayo amayamba wagogoda chitsulo chopachikidwa mumtengo kuti anthu atchere khutu. Koma akagogoda mosalekeza, anthu amangomva phokoso, ena n'kuthamanga ndi ndowa poganiza kuti kwapsa nyumba, ndipo uthenga weniweni umatayika.

Vuto la katemera wa mRNA lagona pamenepa. Asilikali a m'thupi sadzuka chifukwa choona chinthu chachilendo chokha; amafunanso chizindikiro chakuti kwagwa zoopsa. Poyamba mRNA yopangidwa m'labotale inkachita phokoso lopitirira muyeso. Thupi linkaiona ngati kachilombo, linkatupa, ndipo maselo ankasiya kuiwerenga. M'chaka cha 2005 Katalin Karikó ndi Drew Weissman a pa yunivesite ya Pennsylvania ku America adaonetsa kuti kusintha pang'ono kapangidwe ka chilembo cha U kumachepetsa phokosolo. Ntchito imeneyi ndi imene idatsegula njira ya akatemera a Pfizer ndi Moderna, ndipo awiriwa adalandira nayo mphoto ya Nobel mu 2023. Pambuyo pake zidadziwika kuti timipira ta mafuta tija natonso timagogoda chitsulo pang'ono, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mkono umawawira ndi thupi kutentha munthu akabayidwa. Phokoso limeneli lidakwanira kudzutsa maantibodi ambiri olimbana ndi kolona. Koma pa khansa ndi mabakiteriya ena silikwanira.

Chifukwa chimene khansa ndi mabakiteriya zimavutira

Khansa si mlendo. Ndi maselo a munthu mwiniyo amene asokonekera n'kuyamba kuchulukana mosalamulirika. Asilikali a m'thupi adaphunzitsidwa kusamenya abale awo, choncho chotupa amachiona ngati mwana wa m'mudzi momwemo. Kuwonjezera apo, chotupa chimatulutsa zinthu zofooketsa maselo a T amene achiyandikira. Maantibodi okha sangathe ntchito imeneyi. Pamafunika maselo a CD8 ambiri, amphamvu ndiponso okhalitsa.

Mabakiteriya ali ndi zovuta zawozawo. Choyamba ndi kukula. Kachilombo ka kolona kali ndi mapuloteni osakwana 30, pamene kachilombo ka chifuwa chachikulu kali ndi pafupifupi 4,000. Kusankha oti alembedwe m'kalata si ntchito yamasewera. Chachiwiri, mRNA imatha kulamula kupanga mapuloteni okha, pamene mabakiteriya ambiri amavala chikhoto cha mtundu wa shuga. Katemera wa taifodi amene adayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira mu 2018, n'kuperekedwa m'dziko lonse mu Meyi 2023, amaloza chikhoto chimenecho, chinthu chimene mRNA singalembe. Chachitatu, selo la munthu likamapanga puloteni ya bakiteriya nthawi zina limaipanga mosiyana ndi mmene mwini wake amaipangira, monga mlendo wotchula mawu a Chichewa ndi kamvekedwe kolakwika mpaka tanthauzo kusintha. Chachinayi, mabakiteriya ena, monga a chifuwa chachikulu, amabisala m'kati mwa maselo athu, kumene maantibodi safika.

Njira zimene akatswiri akuyesa

Njira yoyamba ndi kuwonjezera chothandizira chimene akatswiri amachitcha adjuvant, kuchokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kuthandiza. Mbiri yake idandiseketsa, poti ikukhudza chakudya chakwathu. Cha m'ma 1925 dokotala wa ziweto wa ku France, Gaston Ramon, adaona kuti akavalo amene atupa pamalo obayidwa amapanga maantibodi ochuluka. Adayamba kusakaniza katemera ndi zinthu zosiyanasiyana kuti adzetse kutupako mwadala, ndipo chimodzi mwa izo chidali tapioca, amene ndi ufa wochokera ku chinangwa. Izi sizikutanthauza kuti kondowole ndi mankhwala obaya. Zikungoonetsa kuti thupi limamvera bwino uthenga ukabwera ndi chochititsa chidwi. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene dziko la Malawi lidakhala loyamba kumupereka kwa ana pa 23 Epulo 2019, ali ndi chothandizira chotchedwa AS01, chimene mbali yake ina imachokera ku khungwa la mtengo wa ku Chile.

Pa mRNA pali mwayi wina: chothandiziracho chikhoza kulembedwa ngati kalata yachiwiri. M'chaka cha 2025 akatswiri a ku Pennsylvania adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adawonjezera ku katemera kalata yolamula thupi kupanga IL-12, puloteni imene maselo a ulonda amaitanira maselo a T. Mbewa zimene zidalandira makalata onse awiri zidapanga maselo a CD8 ochuluka, ndipo zidatetezeka bwino ku bakiteriya wotchedwa Listeria komanso ku khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Kusamala n'kofunika, chifukwa m'zaka za m'ma 1990 IL-12 yomweyi itabayidwa yambiri m'magazi a odwala khansa idawadwalitsa koopsa, ndipo ena adamwalira. Chitsulo chija chidagogodedwa mopitirira.

Njira yachiwiri ndi kusankha bwino mawu a m'kalata. Ofufuza a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium, mu 2022, adayamba aona kaye tizidutswa ta Listeria timene maselo ogwidwa ndi matendawo amaonetsa kunja kwawo, kenako n'kulemba mapuloteni ake m'katemera, ndipo mbewa zidatetezeka. Mu 2023 ofufuza a ku Israel adakonza kalembedwe ka puloteni ya bakiteriya woyambitsa mliri wa makoswe kuti selo la nyama liipange bwino, ndipo mbewa zonse zimene zidabayidwa zidapulumuka. Chaka chomwecho kampani ya BioNTech ya ku Germany idayamba kuyesa pa anthu katemera wa mRNA wa chifuwa chachikulu ku Germany ndi ku South Africa.

Pa khansa, kusankha mawu kumatanthauza kufufuza pamene chotupa chasiyana ndi maselo abwino. Madokotala amadula chotupacho, kuwerenga DNA yake, kupeza malo olakwika, ndi kulemba katemera wa munthu mmodzi yekhayo. Ku New York, pachipatala cha Memorial Sloan Kettering, adayesa njirayi pa odwala khansa ya kapamba 16, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2023. Mwa anthu 8 maselo a T adadzuka mwamphamvu ndipo khansa idachedwa kubwerera. Mwa 8 enawo thupi silidalabadire, ndipo ambiri khansa idabwerera patangotha pafupifupi chaka. Uthenga udafika kwa onse, koma adaumva ndi theka lokha. Ichi ndicho chifukwa chake nkhani yokweza chitetezo ili pakamwa pa akatswiri.

Njira yachitatu ndi kusintha chokulungira ndi njira imene kalata idzere. Katemera wa ku New York uja sadachepetsedwe phokoso monga wa kolona, ndipo adabayidwa mumtsempha osati pamnofu, kuti akafike msanga kumene maselo a ulonda achuluka. Palinso mRNA yodzichulukitsa yokha ikalowa m'selo, kotero kuti mlingo wochepa umakwanira. Dziko la Japan lidavomereza katemera wa kolona wa mtundu umenewu mu Novembala 2023.

Njira yachinayi ndi kumasula asilikali amene chotupa chawamanga. Pali mankhwala ochita zimenezi, ochokera ku ntchito ya James Allison ndi Tasuku Honjo amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2018. Makampani a Moderna ndi Merck adaphatikiza mankhwala otere, otchedwa pembrolizumab, ndi katemera wolemba malo olakwika ofika 34 a chotupa cha munthu aliyense. Pa odwala melanoma 157 amene adali atachitidwa kale opaleshoni, ngozi yakuti khansa ibwerere kapena munthu amwalire idatsika ndi 44 peresenti poyerekeza ndi amene adalandira mankhwala okha. Mayeso aakulu adayamba mu 2023. Pofika kumapeto kwa 2025, mabungwe oona za mankhwala ku America ndi ku Ulaya adali asanavomereze katemera wa mRNA aliyense wa khansa kapena wa mabakiteriya.

Nanga matupi athu kuno?

Wina akhoza kunena kuti izi ndi za kutali, tingodikira amalize atibweretsere. Koma mbiri ya dziko lathu ikuonetsa kuti katemera mmodzi samveka mofanana paliponse. Ku Karonga, kuyambira mu 1986, anthu oposa 120,000 adatenga nawo mbali pa kafukufuku wa BCG. Zotsatira za mu 1996 zidaonetsa kuti kubaya BCG kachiwiri kudachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikudateteze ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo, pamene ku Britain katemera yemweyo adateteza achinyamata ambiri. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amapereka n'chakuti ife timakumana kuyambira tili ana ndi tizilombo ta m'dothi ndi m'madzi tofanana ndi ka chifuwa chachikulu, choncho thupi limaona katemerayo ngati nkhani yakale. Momwemonso katemera wa rota, woteteza ana ku matenda otsegula m'mimba, pa mayeso amene zotsatira zake zidatuluka mu 2010 adateteza ndi 49 peresenti ku Malawi koma 77 peresenti ku South Africa.

Ife a kunyanja tili ndi mwera wathuwathu. Mwana wa ku Benga amakula akusamba m'nyanja ndi kudwala likodzo, malungo ndi njoka za m'mimba. Kafukufuku wa pakati pa asodzi a m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Uganda adapeza kuti anthu a likodzo amapanga maantibodi ocheperapo akalandira katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B. Palinso HIV, imene imapha maselo a CD4 otsogolera nkhondo aja, ndipo amayi amene ali ndi kachilomboka amadwala kwambiri khansa ya khomo la chiberekero. Katemera woyesedwa pa anthu okhuta a ku New York okha sangatiuze mmene adzagwirire ntchito mwa mayi wogulitsa usipa amene ali pa ma ARV. Kandimverere adakanena za m'maluwa. N'chifukwa chake n'zolimbikitsa kuti Malawi ali m'gulu la mayiko a mayeso aakulu a katemera wa chifuwa chachikulu wa M72, amene adayamba mu Malichi 2024. Katemerayu si wa mRNA, koma ali ndi chothandizira cha AS01 chija, ndipo pa mayeso oyambirira ku Kenya, Zambia ndi South Africa adateteza pafupifupi theka la akuluakulu.

Vuto lina ndi kutentha ndi mtengo. Katemera wa Pfizer poyamba ankafuna kusungidwa pa madigiri 70 kunsi kwa ziro, pamene mafiriji a m'zipatala zazing'ono amasunga pakati pa madigiri 2 ndi 8. Aliyense wodziwa dzuwa la Okutobala ku Benga akumvetsa. Ndipo katemera wolembedwera munthu mmodzi amafuna makina ndi ndalama zimene ngakhale mayiko olemera akudandaula nazo. Komabe pali chiyembekezo china. Khansa imene imapha kwambiri amayi kuno imayamba ndi kachilombo, ndipo maselo ake amakhala ndi mapuloteni awiri a HPV otchedwa E6 ndi E7. Amenewa ndi alendo enieni, ofanana mwa odwala ambiri, kotero kuti kalata imodzi ikhoza kutumikira anthu ochuluka. Mu 2021 BioNTech idayamba kuyesa katemera wotere pa khansa ya kukhosi yobwera ndi HPV. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nalo mu 2021 lidakhazikitsa malo ophunzitsira kupanga mRNA ku Cape Town, kuti Afirika asamangodikira zotsala za ena.

Mawu omaliza

M'nkhani ino ndaonetsa kuti katemera wa mRNA ndi uthenga, ndipo kuti ntchito yaikulu imene yatsala ndi kuuchititsa kumveka kwa maselo a T popanda kuvulaza thupi. Ndatchula njira zinayi: chothandizira, kusankha bwino mapuloteni, chokulungira, ndi mankhwala omasula asilikali. Ndaonetsanso kuti matupi a Amalawi ayenera kukhala nawo pa mayeso, popeza za ku Karonga zidatiphunzitsa kale.

Kwa ife ophunzira zinenero pali gawo lathu. Pa 19 Meyi 2021 boma lidatentha akatemera a kolona 19,610 amene adatha mphamvu asanabayidwe, pa nthawi imene mphekesera zidali ponseponse. Ngati sitipeza mawu a Chichewa osiyanitsa katemera woteteza ndi katemera wochiza, kapena mankhwala oyesedwa pa mbewa ndi mankhwala ofika kuchipatala, anthu adzapitiriza kuopa chimene chingawathandize ndi kuyembekezera chimene kulibe.

Patchuthi chotsatira ndidawayankha amayi. Ndidawauza kuti katemera adamva uja akadali pa mayeso, ndipo palibe kumene tingawatengere azakhali kuti akabayidwe. Adakhala chete nthawi yaitali akusonkhezera moto. Kenako ndidawauza kuti malinga ndi chiwerengero cha 2020, amayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansa imeneyi chaka chilichonse m'dziko muno ndipo pafupifupi 2,900 amamwalira, chonsecho katemera woiteteza alipo kale ndipo ndi waulere, komanso kuyezetsa msanga kumapulumutsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

"Ndiye kuti kamdzukulu kawo kaja kakhoza kubayidwa?" adafunsa amayi.

"Inde amayi, kakwanitsa zaka 9. Inunso mukayezetse."

Lachiwiri lotsatira adavala chitenje chawo chatsopano, adagwira mwanayo padzanja, n'kulowera kumsewu wa tala. Ine ndidatsala pakhonde ndi azakhali, kuwapatsa mankhwala ochepetsa ululu pa nthawi yake ndi kuwaingitsira nkhuku pa usipa wochepa umene adaumirira kuti tiwayanikire.